Mbira pa Msipu

Pa ziweto zing'onozing'ono zimene anthu amasunga pakhomo, mbira ndi imene imatha moyo wake wonse osaponda kunja. Nkhuku zimatsegulidwa m'mawa n'kumwazikana ndi mudzi, nkhunda zimauluka, mbuzi zimapita kubusa, koma mbira zambiri zimabadwira pakona ya khitchini kapena m'kabokosi ka matabwa n'kukalambira momwemo. Tikunena mbira yoweta ija, yamawangamawanga, yolira mokweza ikamva phokoso la masamba, osati inzake ya m'mapanga a m'phiri.

Pali zinthu ziwiri zimene woweta aliyense ayenera kudziwa za kanyama aka. Choyamba, thupi lake lonse, kuyambira mano mpaka matumbo, linapangidwira kudya udzu. Chachiwiri, mtima wake ndi wa nyama yosakidwa, ndipo palibe chimene imaopa koposa kukhala pamtetete, popanda chobisalamo. Udzu umene mbira imaufuna umamera pamalo amene imawaopa. Luso lonse lotulutsa mbira panja lagona pogwirizanitsa zinthu ziwirizi.

Kumene mbira inachokera

Kwawo kwa mbira ndi ku South America, m'mapiri a Andes, m'dera limene lero muli mayiko a Peru, Bolivia ndi Ecuador. Anthu a kumeneko anayamba kuiweta zaka masauzande angapo zapitazo, ndipo a mtundu wa Moche, amene ankakhala m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Peru, anaiumba pa ziwiya zawo zadothi. Mpaka lero mbira ndi ndiwo yolemekezeka kumeneko. M'midzi yambiri zimangoyendayenda pansi m'khitchini, kudya masamba ndi makoko, ndipo dziko la Peru linapatula Lachisanu lachiwiri la mwezi wa Okutobala kukhala tsiku lokumbukira chiweto chimenechi.

Asipanya atagonjetsa ufumu wa Inca m'zaka za m'ma 1530, amalonda a pa nyanja anayamba kutengera mbira ku Ulaya. Katswiri wa zachilengedwe wa ku Switzerland, Conrad Gessner, anailemba m'buku mu 1554, ndipo ku England kuli chithunzi chojambulidwa cha m'ma 1580 choonetsa ana atatu a banja lolemera, wapakati atafukata mbira. Ku Ulaya sinalowe mumphika. Inasanduka chiweto chongosangalatsa ana, ndipo n'kumeneko kunakhazikika chizolowezi choitulutsa pa kapinga wa kuseri kwa nyumba nyengo yozizira ikatha. Kuno ku Africa mbira imawetedwa m'mayiko monga Cameroon, kum'mawa kwa Congo, kumapiri a kumwera kwa Tanzania ndi ku Malawi, kumene ena amaisungira ndiwo ndi manyowa, ena chifukwa ana amaikonda. Kaya mwiniwake akuisungiranji, thupi la mbira limafuna zofanana.

Abale ake a kutchire adakalipo ku Andes. Amakhala m'magulu m'malo a udzu wowirira, mmene amapondaponda tinjira tokhala ndi denga la udzu womwewo. Sakumba mauna akuya. Amabisala m'ming'alu ya miyala, m'zitsamba ndi m'mauna osiyidwa ndi nyama zina. Amatuluka kukadya makamaka m'bandakucha ndi chakumadzulo, ndipo satalikira pothawira. Mbira ya m'khitchini sinaonepo nkhandwe ya ku Andes, koma imabadwa ndi nzeru zomwezo.

Ntchito ya udzu m'thupi

Mbira ili ndi mano 20, anayi akutsogolo ndi 16 am'mbali, ndipo onse amakula moyo wake wonse. Chimene chimawafupikitsa ndi kutafuna. Udzu uli ndi timchenga tosaoneka ndi maso m'masamba ake, ndiponso umafuna kuperedwa nthawi yaitali usanamezedwe, motero umanola mano mofanana. Mbira yongodya madeya, nsima yotsala ndi zofewa zina imakhuta msanga osatafuna mokwanira. Mano am'mbali apansi amayamba kupindikira mkati mpaka kukumana pamwamba pa lilime n'kulipanikiza. Mwini amangoona kanyama kakuchucha dovu, kakutola chakudya n'kuchigwetsa, kakuwonda chakudya chili pamphuno.

M'mimba namo udzu ndiwo mwini nkhani. Mbira ili ndi thumba lalikulu m'matumbo mmene mumakhala tizilombo tabwino togaya udzu. Tizilomboti timafuna chakudya chaulusi chizilowa mosadukiza, n'chifukwa chake mbira imadya pang'onopang'ono usana ndi usiku, kugona kwake kukhala kwa timphindi chabe. Imatulutsanso ndowe za mitundu iwiri: zouma zimene timasesa, ndi zofewa zimene imadya zikangotuluka kuti ipezemo zofunika zotsala. Woona mbira itapinda mutu kumimba asaiyese yodwala.

Pambali pa mano ndi mimba, chachitatu ndi vitamini C. Nyama zambiri, monga mbuzi, galu ndi khoswe, zimapanga zokha vitamini ameneyu m'thupi. Mbira, mofanana ndi munthu ndi anyani, siingathe. Chilema chimenechi chinathandiza dziko lonse. Mu 1907, madokotala awiri a ku Norway, Axel Holst ndi Theodor Frølich, ankafufuza matenda amene ankagwira amalinyero. Atadyetsa mbira mbewu zouma zokhazokha, zinayamba kutupa m'mfundo ndi kutuluka magazi mu usinini, zizindikiro za matenda a scurvy amene anapha anthu ambirimbiri pa maulendo aatali a pa nyanja. Atazipatsa kabichi wamuwisi ndi madzi a mandimu, matendawo anapewedwa. Apa ndi pamene panatseguka njira yofufuzira chimene chinkasowa m'chakudyacho, ndipo Albert Szent-Györgyi wa ku Hungary, amene anayesanso zotsatira zake pa mbira, analandira mphotho ya Nobel mu 1937.

Mbira yaikulu imafuna mamiligalamu 10 mpaka 30 a vitamini C pa tsiku, ndipo yabere kapena yodwala imafuna oposa apa. Thupi silimusunga nthawi yaitali, choncho akasowa kwa masabata awiri kapena atatu mbira imayamba kutsimphina, ubweya kunyankhalala, ndi kulira ikagwidwa. Udzu wauwisi ndi masamba obiriwira zili naye, koma udzu ukauma amatha. Chidutswa cha gwafa kapena cha tsabola wosawawa uja wa m'ndiwo chimathandiza kwambiri.

Kunja kumalimbitsanso miyendo. Mbira yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi imaimira pa timapazi tosalimba, ta zala zinayi kutsogolo ndi zitatu kumbuyo. Ikamangokhala pamalo amodzi, makamaka pa waya kapena pa simenti yonyowa, imanenepa ndipo mapazi amatupa n'kuchita zilonda zovuta kupola. Nthaka yofewa ya udzu imapumitsa mapaziwo, ndipo kuthamanga kumachepetsa mafuta.

Mimba sifuna kudzidzimutsidwa

Aliyense amene anawetapo mbuzi amadziwa zimene zimachitika mvula yoyamba ikagwa. Msipu ukaphuka, ziweto zimene zatha miyezi zikudya zouma zimaukhamukira, ndipo posakhalitsa khola lonse likutsegula m'mimba, zina kutupa kumene. Mbira nayo ndi chimodzimodzi, koma poti ndi yaing'ono, vuto lomwelo limaipha m'maola ochepa. Udzu wanthete uli ndi madzi ndi shuga wambiri, ulusi wochepa. Tizilombo ta m'matumbo tikaulandira mwadzidzidzi timatulutsa mpweya wochuluka, ndipo mbira siitha kusanza. Mimba imafufuma n'kulimba, kanyama kamakhala kofutukuka pakona, osadya, osatulutsa ndowe. Walira mvula walira matope.

Njira yake ndi kuyamba pang'ono. Masiku oyamba, thyolani udzu wodzaza dzanja limodzi n'kukazipatsa m'khola momwemo, kenaka onani ndowe tsiku lotsatira. Ngati zili zouma ndi zoumbika bwino, zitulutseni kwa mphindi 10 kapena 15. Onjezerani pang'ono tsiku lililonse, kotero kuti pakutha masabata awiri zikhoza kukhala panja maola angapo. Ndowe zikafewa, bwererani m'mbuyo. Musazitulutse zili ndi njala, zidye kaye udzu woumitsa kuti zisafikire msipu ndi umbombo. Ndipo kuzolowera kumeneku kumatha. Mbira imene yakhala miyezi osadya msipu iyambenso poyambira, ngakhale chaka chatha inkadya tsiku lonse. Ku Britain oweta amachita zimenezi mu Epulo ndi Meyi, udzu ukayamba kuphukanso. Kuno nthawi yosamala ndi Novembala ndi Disembala.

Mbira ikatha theka la tsiku osadya kanthu, imeneyo ndi nkhani yofulumira nayo kwa dokotala wa ziweto, chifukwa matumbo ake akaima savuta kuimiratu.

Udzu wake uti

Si pobiriwira paliponse pamene pali pabwino. Funso loyamba n'lakuti pamalopo panathiridwa chiyani. Mankhwala ophera udzu afala kwambiri m'minda ndi m'mabwalo, ndipo udzu wopoperedwa umakhalabe wobiriwira masiku angapo usanafote. Feteleza womwazidwa pa kapinga, mankhwala a chiswe, a nyerere, a nkhono ndi a makoswe, zonsezi n'zakupha kwa kanyama kodyera mphuno ili pansi. Ngati bwalo limasamalidwa ndi munthu wina, mufunseni. M'mbali mwa msewu wodutsa magalimoto ambiri, pafupi ndi ngalande ya madzi oipa, ndi pamene agalu ndi amphaka amadzithandizira, musatengepo udzu ndipo musaikepo khola. Mkodzo wa makoswe ndi zitosi za mbalame nazo zimanyamula matenda.

Funso lachiwiri n'lakuti pakumera chiyani. Pali chikhulupiriro chakuti nyama imadziwa yokha chomera chakupha. Mbira yoweta, imene makolo ake anachokera kutsidya la nyanja, imalawa chilichonse chobiriwira. Gwadani pansi n'kuyang'ana malo onse amene khola likhalepo, ndiponso nthambi zolendewera pamwamba pake. Zoyenera kuzitalikira ndi monga nsatsi, nkhadze ndi zomera zina zotuluka mkaka, lantana wa timaluwa tamitundumitundu, oleander wobzalidwa m'mipanda ya m'tauni, fodya, masamba a mbatata ya kachewere ndi a matimati, anyezi, adyo, ndi masamba kapena zipatso za mapeyala. Chigwada chachiwisi chili ndi poizoni amene ife timamuchotsa posinja ndi kuphika, ndipo mapira ongomera kumene ali ndi poizoni wa mtundu womwewo. Amene ali ku Britain asamale ndi buttercup, foxglove, ragwort, ivy ndi maluwa omera kuchokera ku timitu tonga anyezi, monga daffodil. Chomera chimene simukuchidziwa, zulani.

Zabwino n'zambiri. Kapinga ndiye woyamba. Nsenjere zanthete, masamba a chimanga, kholowa, chisoso ndi masamba a nthochi zimadyedwa bwino. Bonongwe ndi kabichi zikhale zochepa, chifukwa kabichi wambiri amadzaza mpweya ndipo bonongwe wa tsiku ndi tsiku angathandizire timiyala ta m'chikhodzodzo, vuto limene mbira zimakhala nalo kawirikawiri.

Chenjezo lina ndi la udzu wotchetchedwa ndi makina. Makina amauphwanya n'kuutenthetsa, ndipo umayamba kusasa nthawi yomweyo. Mbira ikaudya, kusasako kumapitirira m'mimba. Ngakhale udzu wodulidwa ndi chikwakwa, ukaunjikidwa kapena kutsekeredwa m'thumba lapulasitiki, umatentha pakati. Lowetsani dzanja mumuluwo, mukamva kufunda, umenewo ndi wa kudzala la manyowa.

Khola loyenda

Mbira siitayiridwa pabwalo. Ikadzidzimuka imathamanga mofulumira kuposa mmene thupi lake lobulungira limaonekera, n'kulowa pansi pa nkhokwe, m'mulu wa nkhuni kapena m'paipi ya madzi. Gulu likabalalika, iliyonse imalowera kwake, ndipo munthu mmodzi sangazitsate zonse. Zingwe zomanga pachifuwa zimene zimagulitsidwa m'masitolo ena a ziweto n'zoopsa, chifukwa msana wa mbira ndi wosalimba ndipo ikatsomphoka mwamantha ikhoza kuvulala.

Chofunika ndi khola lopepuka, lopanda pansi, lotheka kulinyamula anthu awiri. Mmisiri wa matabwa aliyense akhoza kulikhoma, ndipo nsungwi zolimba nazo zimagwira ntchito. Kwa mbira ziwiri kapena zitatu, la mamita 2 m'litali, mita imodzi m'lifupi ndi masentimita 40 msinkhu limapereka mpata wothamanga. Mbira sidumpha kwambiri ndipo sikwera, choncho msinkhuwo ndi wokwanira. Koma chivundikiro n'chosakambirana. Ntchito yaikulu ya khola ili ndi kutsekera adani kunja, ndipo ambiri a iwo amachokera kumwamba kapena amadumpha.

Waya wa nkhuku amatsekereza mbira, koma galu wofunitsitsa amamung'amba. Waya wolimba wa timabowo tating'ono ta makona anayi ndiye wabwino, timabowo tosalowa chala chachikulu, kuti ana a mbira asatulukire ndipo njoka ndi makoswe zisalowe. Nsonga za waya zipindidwire kunja. Chivundikiro chikhale ndi loko kapena chomangira, poti mwala woika pamwamba galu amaugubuduza. Ikani khola pamalo osalala, yang'anani ngati pali mpata pakati pa thabwa ndi nthaka, ndipo khomani zikhomo m'makona.

Mkati mwake ndi mmene muli chinsinsi chenicheni. Mbira yoikidwa m'khola lopanda kanthu imapanikizika pakona, maso ali tong'o, osadya. Mwini amaganiza kuti sikonda kunja, pamene vuto ndi kusowa pothawira. Ikani zobisalamo zochuluka kuposa chiwerengero cha mbira: makatoni oboola, dengu lovundikira, chidutswa cha paipi yaikulu, mphika wadothi wosweka mbali, mulu wa udzu woumitsa. Chobisalamo chabwino chimakhala ndi makomo awiri, kuti yamphamvu ikalowa yofooka itulukire kwina. Zitalikirane pang'ono, kuti mbira izidya ikuyenda kuchoka pa china kupita pa china, monga amachitira abale ake m'tinjira tawo. Zobisalamo zikachuluka, mbira imaonekera kwambiri, chifukwa imalimba mtima podziwa kuti pothawira pali pafupi.

Gawo limodzi la denga likhale lofoleredwa ndi mphasa, udzu kapena chiguduli. Madzi akumwa asasowe, m'botolo lozolowera kapena m'mbale yolemera yosagubuduzika. Sunthani khola tsiku lililonse, udzu usathe mpaka mizu ndiponso mbira zisadyere pa ndowe zawo. Ndowe zotsala m'mbuyo zimadyetsa kapinga yemweyo.

Adani

Maso a mbira ali m'mbali mwa mutu, choncho imaona pafupifupi mbali zonse nthawi imodzi, ngakhale siyeza bwino kutalika kwa chinthu. Mthunzi ukadutsa pamwamba, imauma gwa kapena kuthawa. Mantha amenewa ali ndi chifukwa. Kabawi amene amatola anapiye sangasiye mwana wa mbira, ndipo akhwangwala amajompha kudzera pa waya. Pansi pali amphaka, agalu, njoka ndi nyama zina zogwira nkhuku. Galu wapakhomo, ngakhale wofatsa, amangidwe kapena atsekeredwe nthawi imeneyi. Sikuti achite kuluma. Kungothamanga mozungulira khola akuuwa n'kokwanira kuvulaza mbira zimene zikudziwomba pa waya, ndipo mantha aakulu pawokha amadwalitsa nyama zoterezi.

M'nyengo ya mvula muli mdani wina amene waya sangamuletse: linthumbu. Nyama yotsekeredwa ilibe kothawira likafika. Musanaike khola, yang'anani ngati pali mzere wa linthumbu kapena una wa nyerere zoluma pafupi.

Pa zifukwa zonsezi, mbira zikakhala panja pakhale munthu pafupi, woziona kapena wozimva. Ndipo dzuwa likamalowa zibwerere m'nyumba. Usiku ndi wa akadzidzi, afisi ndi agalu oyendayenda.

Dzuwa, mphepo ndi mame

Chimene chimapha mbira zambiri panja ndi kutentha. Makolo ake ndi a m'mapiri ozizira, thupi lake ndi lonenepa, laubweya, ndipo silituluka thukuta. Bungwe losamalira nyama la RSPCA ku Britain limalangiza kuti mbira zimakhala bwino pa madigiri 17 mpaka 20, kuti kupitirira 26 zikhoza kukomoka ndi kutentha, ndipo kutsika pansi pa 15 zimazizidwa. Mbira zobadwira kotentha zimazolowerako pang'ono, koma manambalawa akusonyeza kuti m'madera ambiri a Malawi, Zambia ndi Tete, masana a Okutobala ndi Novembala si nthawi yotulutsa mbira. Ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene kutentha kumafika madigiri 40, ngakhale mthunzi sukwanira.

Nthawi yabwino ndi m'mawa mame atangouma, ndi madzulo dzuwa litapendeka. Nthawi zimenezi n'zimenenso mbira imakonda kudya mwachibadwa. Kumbukirani kuti mthunzi umayenda. Khola loikidwa pansi pa mtengo wa mango 8 koloko likhoza kukhala padzuwa 11 koloko. Denga la malata ndi zobisalamo zapulasitiki zimasunga kutentha, ndipo mbira yamantha imakakamira momwemo ngakhale ikupsa. Zoyera, za makutu ofiirira, zimapsa khungu msanga. Zabere, zokalamba, zonenepa ndi za ubweya wautali ndi zimene zimayamba kugonja.

Mbira yotenthedwa imagona chammbali, kupuma mofulumira, kuchucha dovu, osafuna kusuntha. Ichotseni padzuwa nthawi yomweyo, inyowetseni makutu, mapazi ndi ubweya ndi madzi ozizirira, osati a mufiriji, ipepeni mphepo, ndipo fulumirani nayo kwa dokotala wa ziweto. Musaithire madzi m'kamwa ili chikomokere. Pa masiku ofunda, botolo la madzi oundana lokulungidwa m'nsalu limapatsa mbira poyedzamira.

Kuzizira nako kuli ndi zake. Mimba ya mbira imakhudza pansi, choncho udzu wa mame kapena wa mvula umainyowetsa thupi lonse lapansi. Kunyowa kukakumana ndi mphepo, chibayo sichichedwa, ndipo mbira sizilimba ku matenda a m'chifuwa. M'mawa wa Juni ndi Julayi ku Dedza kapena ku Mzimba, ndi masiku a chiperoni ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, zikhale m'nyumba kapena zituluke masana okha.

Kunyamula, anzake ndi chinenero chake

Ngozi zambiri zimachitika pakati pa nyumba ndi bwalo. Mbira imanyamulidwa ndi manja awiri, lina pansi pa chifuwa, lina kuchirikiza kumbuyo, itatsamira pa thupi la wonyamula. Kugwa kuchokera m'manja mwa munthu woimirira kukhoza kuthyola msana, miyendo kapena mano. Njira yosavuta ndi kuilowetsa m'katoni kapena m'dengu n'kunyamula chonsecho, makamaka yabere. Ana aphunzitsidwe kukhala pansi akafuna kuigwira, ndipo asaithamangitse m'khola.

Mbira ndi nyama ya pagulu, ndipo panja imalimba mtima ikakhala ndi inzake, ina ikudya ina ikuyang'ana. Dziko la Switzerland linaika m'malamulo ake osamalira nyama mu 2008 kuti mbira isasungidwe yokha. Koma gulu la panja likhale lomwelo la m'nyumba. Amuna awiri osadziwana amamenyana, makamaka pakakhala fungo la yaikazi. Yaimuna ndi yaikazi zikakumana ngakhale kwa mphindi zochepa, pakhoza kubadwa ana pakatha masiku 59 mpaka 72. Anawo amabadwa ndi ubweya, maso otsegula, ndipo amayamba kulawa udzu m'masiku oyambirira. Aamuna amatha kupereka bere ali ndi masabata atatu kapena anayi okha, ndipo mayi amatha kutenganso bere tsiku lomwe waswa.

Akalulu asakhale khola limodzi ndi mbira. Kalulu akamenya ndi miyendo yakumbuyo amavulaza mbira, ndiponso amanyamula kachilombo ka Bordetella, kamene iye sikamuvutitsa kwenikweni koma kamapha mbira ndi chibayo.

Mbira imanena yokha ngati zinthu zili bwino. Yosangalala imathamanga mozungulira, kenaka n'kudumpha mwadzidzidzi, kupotokola thupi m'malere ndi kugwedeza mutu. Ana ndiwo amachita kwambiri zimenezi, ndipo woona koyamba amayesa khunyu. Yokhazikika mtima imadya ikulira motsitsa, kapena kugona itatambasula miyendo. Yokukuta mano ikuchenjeza inzake kuti italikire. Imene yatha mphindi zambiri ili chiumire, osatuluka m'chobisalamo, ibwezeni m'nyumba n'kuyesanso mawa kwa nthawi yochepa, pamalo abata.

Pobwerera, ndi pamene msipu watha

Pozibweza m'nyumba, iliyonse idutse m'manja. Pitani ndi zala mu ubweya kufufuza nkhupakupa ndi utitiri. Chotsani njere za chisoso ndi za udzu zomata, ndipo onani m'maso, poti kanjere kolowa pansi pa chikope kamachititsa chilonda. Yang'anani kumbuyo ngati kuli konyowa kapena komata ndowe, chifukwa ntchentche zimaikira mazira pamalo otero ndipo mphutsi zimaswa m'tsiku limodzi. Kuyeza mbira pa sikelo ya m'khitchini kamodzi pa sabata kumaulula matenda msanga, popeza nyama yosakidwa imabisa kudwala mpaka italephereratu.

Mukaona vuto, musathamangire mankhwala a anthu kapena a nkhuku. Penicillin ndi abale ake, monga amoxicillin ndi ampicillin, amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo a mbira, ndipo kapisozi woperekedwa mwachifundo akhoza kuipha m'masiku ochepa. Mankhwala ena a utitiri opangira agalu nawo ndi oopsa. Funsani mlangizi kapena dokotala wa ziweto, ndipo mutchuleni kuti wodwalayo ndi mbira.

Kuyambira Ogasiti mabwalo ambiri amauma, ndipo mbira, imene ikhoza kukhala zaka 5 mpaka 7, idzadutsa m'chilimwe kangapo. Wokonzekera amadula udzu kumapeto kwa mvula, mu Malichi kapena Epulo, usanakhwimitse, n'kuuumitsa bwino ndi kuusunga pouma, popita mphepo. Wa nkhungu utayidwe. Udzu woumitsa ndiwo uyenera kukhala chakudya chachikulu chaka chonse, ngakhale m'dzinja. Zobiriwira za tsiku ndi tsiku zichokere kudimba kapena m'mbali mwa dambo losathiridwa mankhwala. Wokhala m'tauni, kapena m'nyumba yosanjikizana ku Johannesburg kapena ku Leeds, akhoza kufesa tirigu kapena chimanga chosapakidwa mankhwala m'beseni lakale, ndipo pakatha masabata awiri amakhala ndi msipu wometa.

Masiku oyenera kutulutsa mbira ndi ochepa kuposa mmene munthu angaganizire: pansi pouma, kunja kosatentha, udzu wodziwika, khola lotseka, ndi munthu wokhala pafupi. Zisanuzi zikakwanira, zitulutseni, ndipo ola limodzi lotero limachita zambiri m'mano, m'mimba ndi m'miyendo. Chimodzi chikasowa, mbira zikhale m'nyumba, inu mutenge dengu mukazithyolere udzuwo.